Mutu wa Demetera Unasowa Dzuwa Lili Paliwombo

Mutu wa Demetera unasowa dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ngakhale agalu a pachilumba chathu cha Paro amachita ulesi kuuwa. Pomwe dzuwa linkalowa n'kuti mlongo wanga Sosila, woyendetsa ngolo ya ng'ombe yokokera miyala, ali kale m'zingwe.

Dzina langa ndi Mirina, ndipo ntchito yanga ndi yopaka phula ziboliboli za nsangalabwi. Amuna akatha kusema ndi kudzitamandira, ine ndimabwera ndi kamphika ka phula lotentha, n'kupukuta mpaka mwala uoneke ngati khungu la munthu amene wangosamba kumene. Zaka zitatu tinakhala tikumanga kachisi wa Demetera, mulungu wathu, mayi wa tirigu, pamwamba pa phiri. Thupi lake linali litaima kale m'kati, lalitali ngati anthu awiri, koma lopanda mutu, chifukwa mutu amausema pawokha n'kudzaukhazika pakhosi pomaliza penipeni.

Mutuwo sunali wa nsangalabwi wamba. Unali wa mwala wa nyale, uja amakaukumba m'mimba mwa phiri mounikira, mwala umene dzuwa limaulowa m'kati. A Ergino, mmisiri wathu wamkulu, anausema zaka ziwiri, maso awo akutha pang'onopang'ono. Tsiku limene ndinauona utatha, kuwala kwa m'mawa kunkadutsa m'makutu mwake ndi pamphuno, monga kumachitira ukaika dzanja padzuwa. Ndinaiwala kuti ndi mwala, moti ndinaupatsa moni.

Kwathu wakuba za mulungu sachedwa naye. Amamuponya kuphompho la kuseri kwa kachisi, ndipo mtembo wake saukwirira. Akuluakulu a mzinda anagamula kuti Sosila aponyedwe m'mawa wa tsiku la chikondwerero, zitseko za kachisi zisanatsegulidwe. Kunali kutatsala masiku atatu.

*

Ndinamupeza m'kanyumba ka alonda kudoko, atamumangirira pamzati ngati mbuzi ya pamsika.

"Talankhula, chitsiru iwe," ndinatero. "Unanyamula chiyani pangolo paja?"

"Zibenthu za miyala, achemwali, zopita kung'anjo ya njereza. A Daimako ndiwo anandituma. Akuti pabwalo pakhale poyera chikondwerero chisanafike."

Daimako anali wachiwiri kwa a Ergino pantchito yosema.

"Masana onse aja? Ndani amayendetsa ng'ombe dzuwa lili pamutu?"

"Ndinawauza zomwezo. Anati ng'ombe si phula, sizisungunuka."

"Nanga thumba limene unafunditsa pangolo? Anthu asanu analiona."

Anazyolika. Sosila ndi munthu wa mapewa ngati a ng'ombe zake zomwe, koma bodza limamulemera kuposa mwala.

"Kachibenthu kamodzi kanali ka mwala wa nyale," anatero motsitsa mawu. "Kotsala pamene a Ergino ankayamba kusema. Kakang'ono ngati mkate. Ndimafuna ndikaike pamanda a Melita. Paja ankaopa mdima."

Melita anali mwana wake. Anamwalira ndi malungo nyengo yokolola yapitayo, ali ndi zaka zinayi. Alonda anakapeza kamwalako pansi pa mphasa ya Sosila, ndipo akuluakulu anati n'chotsala cha mutu umene anauswa kuti agulitse zidutswa kwa amalinyero. Ndinafuna kumuwaza khofi, ndinafunanso kumukumbatira. Ndinangomudyetsa mkate ndi maolivi, poti manja ake anali omangidwa.

Ndili pakhomo anandiitana. "Achemwali, kuphompho kuja, munthu amamva akamafika pansi?"

Ndinatuluka n'kulunjika kuphiri.

*

Pachipata cha bwalo la kachisi pamakhala Filisita, mayi wogulitsa nkhuyu. Anthu amati mutu wake suyenda bwino, n'chifukwa chake alonda sanamufunse kanthu. Ine ndinakumbukira kuti wamisala anaona nkhondo.

"Ine ndiona chiyani, mwana wanga? Ine ndine wa nkhuyu. Tenga iyi, yapsa bwino. Usaifinye iwe, ukafinya wagula!"

"Ndagula. Dzulo masana anadutsa pano ndani?"

"Onse! Amisiri onse anatsikira kuchitsime kukagona pamthunzi, a Ergino atawagwira padzanja ngati mkwatibwi. Kenako mlongo wako ndi ng'ombe zake zili wefuwefu. Moni sanandipatse, mwano. Kenako ngolo ija inayamba kulira. Kwiii, kwiii, kwiii! Ndinati mwamuna ameneyu mafuta a magudumu akuwadyera mkate kapena?"

"Inkalira akudutsa pano?"

"Ayi, atadutsa kalekale. Ndinali nditadya nkhuyu zitatu. Zovunda, zogulitsa sindidya ine."

"Phokosolo linkachokera kumunsi kapena kumtunda?"

"Makutu anga ndi akale, mwana wanga. Phokoso ndi phokoso."

Ngolo ya Sosila silira. Ndikudziwa chifukwa phula lonse lotsala m'kamphika kanga limathera pamagudumu ake. Paphiri panali chinthu chimodzi chokha cholira chotero: chokwezera miyala, mitengo italiitali ija ya zingwe ndi tigudumu, imene munthu mmodzi akhoza kukwezera mwala wolemera ngati ng'ombe. Chinali chikadaima kuseri kwa kachisi. Koma denga linali litatha mwezi wathunthu wapitawo, ndipo panalibenso choti n'kukweza.

*

A Ergino ndinawapeza m'chisakasa chosemeramo, akusisita chikhazikiro cha matabwa pamene mutu uja unkakhala. Nkhope yawo inali ngati ya munthu wa pamaliro.

"Si mmisiri wachita izi," anatero atazindikira mapazi anga. "Ndicho chikundiwawa."

"Mwadziwa bwanji, bambo?"

"Iwe wakulira pakati pathu, n'kumafunsanso? Mulungu ukamusema maso, sumunyamula akuona. Umayamba wamumanga maso ndi lamba wa ubweya, kuti asaone manja athu akudawa akumugwiragwira. Sumuika m'thumba ngati mutu wa mbuzi. Sumugoneka chafufumimba. Sumukwirira. Ine ndinaphunzira zimenezi ndisanadziwe kugwira nyundo. Tsono lamba woyera wa ntchito imeneyi akadali m'bokosi la amayi Kleodika, wansembe wathu, ndipo kiyi ali m'khosi mwawo. Ndiye kuti wakubayo anamunyamula maso ali poyera. Angatero ndi munthu wa ng'ombe, Mirina. Pepa mwana wanga."

Pangodya panali Daimako, akuyeza chinthu ndi kachingwe. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anakhala pansi pa a Ergino, munthu wa mawu ochepa ndi aulemu, wosaseka pantchito. Anavundukula nsalu, ndipo ine mtima unangoti phwii. Unali mutu wina wa Demetera.

"Tonse tili ndi chisoni, mayi," anatero. "Koma mulungu sangalandire anthu ake alibe mutu. Mwamwayi ndinali ndi uwu kunyumba. Ndinkangophunzirirapo ndikaweruka."

Unali wokongola, sindinama. Wa mwala wa nyale nawonso, milomo yake ngati ikufuna kunena kanthu. Ndinayang'ana khosi lake. Linali la muyezo weniweni wa dzenje la pamapewa a thupi lija, dzenje limene ine ndinalipukuta ndi manja angawa.

"Munthu wongophunzirirapo amayeza ndi khosi lomwe?" ndinafunsa.

"Mmisiri amayeza chilichonse, mayi."

"Dzulo masana munali kuti, a Daimako?"

"Kumgodi, kusankha mwala wa guwa."

"Kumgodi masana kumakhala munthu woti n'kukuonani?"

"N'chifukwa chake ndimapita nthawi imeneyo. Mwala umaugogoda n'kumvetsera. Wabwino umalira, wa mng'alu umangoti phu. Pamafunika pakhale chete."

Yankho linali losalala ngati ntchito yake. Koma akulankhula, thukuta linkamutsikira m'maso, iye n'kumaphethira ndi kupukuta ndi mkono. Pamphumi pake panali mzere woyera, pamene dzuwa silinawombepo zaka zambiri. Amisiri onse amamanga lamba pamphumi wotchinga thukuta, ndipo wa Daimako aliyense ankaudziwa.

"Lamba wanu wofiira uja ali kuti? Amene anakulukirani akazi anu?"

Kachingwe kaja kanaima m'zala zake.

"Ndinautaya," anatero. "Mayi, inu ndinu wa phula. Phula lanu likuzizira."

*

Tsiku lachiwiri linandithera m'manja. Alonda anali atatakasa kale phulusa la kung'anjo, atasecha ngalawa zonse padoko, ndipo osodza anali atamira m'munsi mwa phompho. Ine ndinakwawa m'makomo a migodi mpaka mawondo kunyuka. Ndinasuzumira m'chitsime chakale, ngakhale m'khola la mbuzi la Daimako. Panalibe kanthu.

Ndinapita kwa amayi Kleodika, mayi wamtali wa imvi amene salankhula mawu awiri pamene amodzi akwanira. Ndinawauza za kulira kwa chokwezera, za khosi, za lamba.

"Ukuneneza mmisiri wa mulungu chifukwa wataya kansalu?"

"Amayi, mlongo wanga afa."

"Ndibweretsere mutu, osati lamba."

"Ndiloleni ndiyang'ane m'kachisi."

"Alonda anayang'anamo, ndipo ndinatseka ndekha. Nditsegula mawa masana, tikhazike mutu wa Daimako. Ubwere ndi phula lako."

Anandiuza choncho osaphethira. Ndinayenera kukongoletsa ndi manja anga nkhope imene ikupha mlongo wanga.

*

Ndinalowa m'kachisi tsiku lachitatu mtima uli wakuda bii, komabe m'nyumba imeneyo munthu salowamo ngati m'nyumba wamba. Mulibe zenera ngakhale limodzi, mulibe nyale, koma mumawala. Denga lake ndi miyala ya nsangalabwi yocheka mopyapyala, yoyalidwa pamitanda ya nsangalabwi yomweyo, ndipo dzuwa limasefeka m'miyalamo n'kutsika loyera ngati mkaka. Munthu sakhala ndi mthunzi. Mawu amadzichepetsa okha. Ndalowamo kambirimbiri, koma nthawi iliyonse tsitsi limandinyerenyetsa, poganiza kuti anthu a manja a zikang'a ngati athuwa anakumba mdima wa pansi pa phiri n'kuusandutsa kuwala.

Munali amayi Kleodika, a Ergino atakhala pakampando, alonda awiri, ndi amisiri akumanga nsanja yoti akwezerepo mutu watsopano. Daimako ankalamula chapansipansi. Ine ndinkapaka phula zala za mulungu, misozi ikudonthera m'kamphika. Ntchito inachedwa, chifukwa nsanja inapendekeka ndipo anachita kuimasula kawiri. Dzuwa linayamba kutsetserekera kunyanja.

Mmisiri wina ali pamwamba pa nsanja anakuwa. Nyundo yake inagwa pansi, koma palibe anaiyang'ana.

Padenga, mbali ya kunyanja, pambali pa mtanda waukulu, panali kutuluka mthunzi. Poyamba chinali chibanga chabe. Kenako panaoneka mphumi. Kenako mphuno yoongoka, milomo, chibwano. Nkhope ya Demetera, yoyang'ana cham'mbali, inali kukula pamwamba pathu m'kati mwa kuwala kuja, ndipo m'mphepete mwake munkayaka mofiirira ngati uchi.

Amuna akuluakulu anagwa nkhope pansi. Mlonda wina analira ngati mwana. Amayi Kleodika, amene sindinawaonepo akugwadira munthu kapena mphepo, mawondo awo anagunda pansi ndipo manja anali m'mwamba.

"Mukuona chiyani?" a Ergino ankafuula, akutembenuza maso awo akhungu uku ndi uku. "Tandiuzani, anthu inu! Mukuona chiyani?"

Nanenso ndinagwada, sindibisa. Ndinali ndi mantha ndi chimwemwe pamodzi, ndipo ndinaiwala Sosila, ndinaiwala ndi dzina langa lomwe. Kenako m'mutu mwanga munalira kwiii, kwiii, kwiii. Sumuika m'thumba. Sumugoneka chafufumimba. Sumukwirira. Masiku atatu chilumba chonse chinafunafuna pansi, m'madzi, m'phulusa, m'maenje, kumene wakuba wamba akanabisa. Koma mmisiri sakanatha kumutsitsa.

Munthu mmodzi yekha sanagwade. Daimako anangoima, nkhope ili mbuu ngati fumbi la ntchito yake.

"Amayi," ndinatero, "mthunzi suyenda wokha. Mwini wake ali padenga."

*

Ndinayamba ndine kukwera makwerero, mlonda akunditsatira uku akupemphera. Mbali imeneyo ya denga imayang'ana kuphompho ndi kunyanja, kumene munthu sangaime n'kuiona. Ndinamupeza pamenepo. Anali atamugoneka chagada pachofunda chopindidwa bwino, ndendende pamwamba pa mtanda waukulu kuti miyala ya denga isasweke, atamutchinjiriza ndi timitengo ta olivi tosemedwa mwaluso. Nkhope inali poyera, yoyang'ana kumwamba. Dzuwa la madzulo linali litalowa m'masaya mwake, moti ndinachita kudikira kuti apume.

M'maso mwake munali momanga ndi lamba wofiira.

Sitinamumasule, poti mwambo sulola. Tinamutsitsa momwemo ndi chokwezera chija, bwalo litadzaza anthu amene anathamanga atamva kukuwa. Tigudumu tinalira kwiii, kwiii, kwiii, ndipo kuchipata kunamveka mawu a Filisita: "Ndi ngolo ija imeneyo! Ndinanena ine!" Palibe anaseka. Onse ankayang'ana lamba uja, kenako mzere woyera wa pamphumi pa Daimako.

Sanathawe, sanakanenso.

"Ndinamuika masana, mthunzi uli pansi pake," anatero ngati akudzudzula wophunzira. "Ndinayeza mtanda, ndinayeza kulemera. Ndinaiwala kuti dzuwa limapendeka."

"Chifukwa chiyani?" anafunsa amayi Kleodika.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala manja a munthu wina, amayi. Thupi lili m'katimo ndinasema ndine, mapindo onse a chovala chija. Ndani adzanene? Ndimafuna anthu agwadire nkhope yotuluka m'manja mwanga, ngakhale chaka chimodzi chokha. Ndikanadzamutsitsa pambuyo pake."

"Ukanamunyamula wopanda lambayo, palibe akanakudziwa."

"Ndinayesa, amayi. Kawiri ndinatambasula manja. Ankandiyang'ana."

"Nanga mlongo wanga?" ndinakuwa ine. Ndinali nditagwira kamphika ka phula lotentha, ndipo mlonda anachita bwino kundilanda.

"Ndinangomutuma kuti achoke paphiri. Za kamwala kake sindinkadziwa. Atamugwira ndinakhala chete tsiku loyamba. Lachiwiri silinavutenso."

A Ergino anapempha kuti awatsogolere kumutu wa Daimako. Anauyendetsa zala nthawi yaitali, pamphumi, m'zikope, pamilomo.

"Wausema bwino, mwana wanga," anatero. "Pamilomo pano wandiposa. Ukanandionetsa."

Apo m'pamene Daimako anakhala pansi m'fumbi n'kuyamba kulira.

*

Phompho linalandira munthu m'mawa mwake, koma sanali Sosila. Ine sindinapite kukaonerera. Ndinkadana naye Daimako, ndimadana nayebe, koma sindinaonenso munthu woopa mulungu ngati wakuba ameneyo.

Mlandu wa mlongo wanga sunathere pomwepo. Kamwala kaja kanali ka kachisi ndithu, ndipo anakatengadi. Alonda anabwera naye pamaso pa amayi Kleodika, zingwe zitamudya m'manja mpaka magazi. Kanali koyamba kuti alowe m'kachisimo, iye amene anakokera paphiri mwala uliwonse wa nyumbayo. Anayang'ana denga, anayang'ana nkhope ija itakhala pamapewa ake, maso ali omasula, ndipo anangoti kukamwa yasa.

"Miyala ija ndinkanyamula ndi imeneyi?" ananong'ona.

Amayi Kleodika anali ndi kamwalako m'manja. "Unaba," anatero.

"Ndinaba, amayi."

"Unkafuna ukatani nako?"

Anawauza za Melita, mwachibwibwi, kuti ankakana kugona nyale itazima. Wansembe anayang'ana nkhope ya mulungu. Tonse pachilumba timadziwa kuti Demetera naye anali ndi mwana wamkazi, ndipo anamutengera kudziko la pansi kumene kulibe dzuwa.

"Mayi uyu sangakuimbe mlandu umenewu," anatero. "Tenga. Usadzabwerezenso."

Chikondwerero tinachisiya chili m'kati. Tinapita awiri kumanda, kuseri kwa minda ya barele, Sosila atakumbatira kamwalako pachifuwa. Anakakhazika kumutu kwa kamtumbira, nakatembenuza kangapo mpaka mbali yopyapyala inayang'ana kunyanja. Tinakhala pansi n'kudikira. Dzuwa litapendeka linalowa m'kamwalamo, ndipo kanayaka phee, kopanda lawi, kopanda utsi.

"Wayiona nyale yako, Melita?" anatero mlongo wanga. "Iyi mafuta sathamo."